Maphunziro a ukadaulo a madokotala othandiza odwala mwadzidzidzi

Maphunziro a ukadaulo a madokotala othandiza odwala mwadzidzidzi ndi maphunziro amene dokotala amachita atamaliza digiri yake yoyamba, kuti akhale katswiri wolandira ndi kuthandiza anthu amene avulala kapena kudwala mwadzidzidzi. M'Chingerezi nthambi ya udokotala imeneyi imatchedwa emergency medicine. Maphunzirowa amatenga zaka 3 mpaka 6 malinga ndi dziko, ndipo mbali yaikulu imachitikira m'chipatala momwemo, wophunzira akugwira ntchito moyang'aniridwa ndi akatswiri. Ku America wophunzira wotere amatchedwa resident, pamene ku South Africa, ku Malawi ndi m'mayiko ena amene anatengera dongosolo la ku Britain amatchedwa registrar.

Maphunzirowa amayenda potsata ndondomeko yolembedwa. Ndondomekoyo imanena zimene wophunzira ayenera kudziwa, zimene ayenera kutha kuchita ndi manja ake, malo amene adzaphunzirire, ndi njira imene adzayesedwere. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndondomeko zimenezi zasintha m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi yakuti mabungwe opereka ziphaso anasiya kukhutira ndi kuchuluka kwa zaka zimene munthu wakhala pa maphunziro, ndipo anayamba kufuna umboni wakuti ntchitoyo akuithadi. Yachiwiri ndi yakuti mayiko amene anayamba maphunzirowa mochedwa, makamaka a mu Africa, anaona kuti ndondomeko yobwereka ku America kapena ku Ulaya iyenera kukonzedwanso kuti igwirizane ndi matenda, zipangizo ndi antchito a m'zipatala zawo.

Kusiyana kwa nthambiyi ndi zinzake

Akatswiri ambiri a udokotala amadziwika ndi chiwalo kapena mtundu wa odwala amene amaona: wina ndi wa maso, wina wa mafupa, wina wa ana, wina wa amayi oyembekezera. Wodwala akamafika kwa iwo amakhala atasankhidwa kale. Katswiri wa odwala mwadzidzidzi alibe mwayi umenewo. Pa ola limodzi angalandire mwana amene akukomoka ndi malungo, woyendetsa njinga yamoto amene wawombedwa ndi galimoto, mayi amene akutaya magazi atapita padera, ndi gogo amene wafa ziwalo mbali imodzi. Palibe amene amabwera ndi dzina la matenda ake. Dokotalayo amayenera kuyamba kuthandiza asanadziwe bwinobwino chimene chavuta, ndiponso kusankha woyamba kumuona pamene odwala achuluka kuposa manja.

N'chifukwa chake ndondomeko ya maphunziro a nthambiyi siyendera mayina a matenda okha ayi. Imayambira pa zizindikiro zimene wodwala amafika nazo, monga kubanika, kupweteka kwa pachifuwa, kukomoka, kutentha thupi kapena kutaya magazi. Wophunzira amazolowera kuyang'ana zinthu motsatana: ngati njira ya mpweya ili yotseguka, ngati wodwala akupuma bwino, ngati magazi akuyenda mokwanira, ngati akuzindikira zimene zikuchitika, kenako thupi lonse. Dongosolo limeneli limadziwika ndi zilembo za ABCDE.

Mbiri

Kufikira zaka za m'ma 1960, zipinda zolandirira anthu ovulala m'zipatala zambiri za ku America ndi ku Britain zinkasiyidwa m'manja mwa madokotala ongotuluka kumene kusukulu, kapena mwa madokotala a nthambi zina amene ankasinthana. Ku Britain, Maurice Ellis anapatsidwa udindo woyang'anira gawo la ovulala pa chipatala cha Leeds General Infirmary mu 1952, ndipo amatengedwa ngati katswiri woyamba wa ntchitoyi m'dzikomo. Mu 1967 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Casualty Surgeons Association. Bungweli ndi limodzi mwa magwero a koleji imene kuyambira mu 2015 imatchedwa Royal College of Emergency Medicine.

Ku America, James Mills ndi madokotala anzake anasiya ntchito zawo zina mu 1961 kuti azingogwira ntchito m'gawo la odwala mwadzidzidzi pa chipatala cha ku Alexandria m'chigawo cha Virginia. Mu 1966 bungwe la National Academy of Sciences linatulutsa lipoti loonetsa kuti anthu ambiri ovulala pa ngozi ankafa chifukwa cha kuperewera kwa chithandizo choyamba. Bungwe la American College of Emergency Physicians linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1970 yunivesite ya Cincinnati inayamba maphunziro oyamba a ukadaulo wa nthambiyi ndi wophunzira mmodzi, Bruce Janiak. Nthambiyi inavomerezedwa kukhala ya ukatswiri payokha ku America mu 1979, ndipo ku Australia mu 1993. Bungwe logwirizanitsa mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana la International Federation for Emergency Medicine linakhazikitsidwa mu 1991.

Mu Africa, dziko la South Africa linavomereza nthambiyi mu 2003, ndipo ophunzira oyamba anayamba mu 2004 ku Cape Town, kumene yunivesite ya Cape Town ndi ya Stellenbosch zinayendetsa maphunzirowa mogwirizana. Ghana inayamba mu 2009 pa chipatala cha Komfo Anokye ku Kumasi, mothandizana ndi yunivesite ya Michigan. Tanzania inayamba mu 2010 pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam, ndipo akatswiri ake oyamba anamaliza mu 2013. Ethiopia nayo inayamba mu 2010 pa yunivesite ya Addis Ababa. Pambuyo pake panabwera Botswana, Rwanda ndi Uganda. Bungwe la African Federation for Emergency Medicine linakhazikitsidwa mu 2009 ku Cape Town.

Zimene ndondomeko imakhala nazo

Ngakhale mayiko amasiyana, ndondomeko zambiri zimakhala ndi mbali zinayi. Mbali yoyamba ndi chidziwitso: mmene thupi limagwirira ntchito, mmene mankhwala amagwirira ntchito, ndi matenda amene angaphe munthu m'maola ochepa. Mbali yachiwiri ndi luso la manja, monga kulowetsa kachubu kopumira pakhosi, kutulutsa mpweya kapena magazi amene atsekeredwa m'chifuwa, kudzutsa mtima umene waima, kubwezeretsa fupa limene laguluka, kutenga madzi a mumsana kuti akayesedwe, ndi kuunika m'thupi ndi makina a ultrasound wodwala ali pabedi pomwepo.

Mbali yachitatu ndi kuzungulira m'nthambi zina. Wophunzira amakhala miyezi ingapo ndi akatswiri ogonetsa odwala pa opaleshoni, m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ku wodi ya ana ndi kwa amayi oyembekezera. Ku Britain, zaka 2 zoyamba zimagawidwa m'zigawo 4 za miyezi 6 chilichonse: odwala mwadzidzidzi, matenda a akuluakulu, kugonetsa odwala, ndi chisamaliro cha odwala mwakayakaya. Maphunziro onse kumeneko amatenga zaka 6. Ku South Africa amatenga zaka 4, ndipo wophunzira amalemba mayeso a koleji ya akatswiri komanso kuchita kafukufuku wa digiri ya MMed. Ku America amatenga zaka 3 kapena 4. Ku Canada kuli njira ziwiri: ya zaka 5 ya Royal College, ndi ya chaka chimodzi chowonjezera kwa dokotala amene waphunzira kale udokotala wa mabanja.

Mbali yachinayi ndi imene inkanyalanyazidwa kale. Imakhudza kutsogolera gulu la anamwino ndi madokotala pamene wodwala ali pakati pa moyo ndi imfa, kuuza achibale uthenga wa maliro, kupatsirana odwala posinthana pantchito, kuyendetsa gawo lonse pamene ladzaza, ndi kukonzekera ngozi zogwera anthu ambiri nthawi imodzi. Kafukufuku wa zolakwika zochitika m'zipatala anaonetsa kuti zambiri sizibwera chifukwa cha umbuli, koma chifukwa chakuti antchito sanamvane, kapena wamng'ono anaopa kudzudzula wamkulu.

Kuchoka pa kuwerenga zaka kupita pa kuona luso

Ndondomeko zakale zinali mndandanda wa mitu ndi chiwerengero cha miyezi. Munthu akakhala miyezi yonse yofunika n'kukhoza mayeso olemba ndi apakamwa, ankapatsidwa chiphaso. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti ophunzira awiri angakhale miyezi yofanana m'chipinda chimodzi, wina n'kutsogolera ntchito yodzutsa odwala kambirimbiri, wina n'kumangoonerera. Mayeso olemba sangasiyanitse awiriwa.

Mu 1990 George Miller anafotokoza masitepe anayi a luso la dokotala. Pansi penipeni pali kudziwa chinthu. Pamwamba pake pali kudziwa mmene chimachitikira. Kenako pali kutha kuchisonyeza pa mayeso. Pamwamba pa zonse pali zimene dokotala amachitadi tsiku ndi tsiku pamene palibe womuyesa. Mayeso olemba amafika pa masitepe awiri apansi okha. Ntchito yambiri yokonzanso ndondomeko m'zaka zotsatira inali yofunafuna njira zoonera masitepe awiri apamwamba.

Ku Canada, Royal College inakhazikitsa dongosolo la CanMEDS mu 1996, ndipo linakonzedwanso mu 2005 ndi mu 2015. Dongosololi limanena kuti katswiri ali ndi maudindo 7: kudziwa udokotala, kulankhula bwino ndi odwala, kugwira ntchito ndi anzake, kutsogolera, kulankhulira odwala ndi anthu a m'dera lake, kuphunzira ndi kuphunzitsa, ndi kusunga mwambo wa ntchito. Ku America, bungwe la ACGME, limene limavomereza zipatala zophunzitsa akatswiri, linakhazikitsa magawo 6 a luso mu 1999. Mu 2013 linawonjezera zizindikiro za mtunda umene wophunzira wayenda, zotchedwa Milestones, ndipo nthambi ya odwala mwadzidzidzi inali m'gulu la nthambi zoyamba kuzigwiritsa ntchito. Pa luso lililonse pamakhala masitepe 5, ndipo komiti ya aphunzitsi imakumana kawiri pa chaka kuona pamene wophunzira aliyense wafika.

Aphunzitsi ambiri anadandaula kuti maluso akagawidwa tizidutswatizidutswa amavuta kuwaona pa ntchito yeniyeni. Mu 2005 Olle ten Cate wa ku Netherlands anabweretsa ganizo lina, lakuti muyeso uzikhala ntchito yathunthu imene mphunzitsi angamusiyire wophunzira. Funso limakhala losavuta: kodi dokotala uyu angasiyidwe yekha usiku ndi munthu wovulala kwambiri? Yankho limachokera pa masitepe a chikhulupiriro. Poyamba wophunzira amangoonerera. Kenako amachita mphunzitsi ali pambali pake. Kenako amachita mphunzitsi ali pafupi moti angaitanidwe. Kenako amachita yekha, ndipo pomaliza amayang'anira ena. Canada inayamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi pa nthambi ya odwala mwadzidzidzi mu 2018. Ndondomeko ya ku Britain ya mu 2021 nayo inasiya mndandanda wautali wa maluso ang'onoang'ono, n'kuika m'malo mwake zolinga zikuluzikulu zochepa zimene aphunzitsi onse a m'gawo amakambirana pamodzi pa wophunzira aliyense.

Kuwerenga sikunatheretu. Malamulo a ACGME amene akhala akutsatidwa kwa zaka zambiri amafuna kuti wophunzira asanamalize akhale atalowetsa kachubu kopumira ka 35, ataika chubu cha m'chifuwa ka 10, atabereketsa amayi 10 ndi kuunika ndi ultrasound ka 150. Ziwerengero zimenezi zimangosonyeza kuti mwayi wochita unalipo. Luso lenilenilo limatsimikizidwa ndi amene anamuona akuchita.

Njira zoyesera

Mayeso olemba adakalipo, koma tsopano amayendera limodzi ndi njira zina. Mu 1975 Ronald Harden wa ku Dundee anafotokoza mayeso otchedwa OSCE. Wophunzira amazungulira m'tizipinda tingapo, ndipo m'kachipinda kalikonse amapeza ntchito ya mphindi zochepa: kufunsa munthu amene akuyerekeza kudwala, kutsogolera gulu lodzutsa chidole, kapena kufotokozera mayi chimene chavuta mwana wake. Ophunzira onse amakumana ndi ntchito zofanana, choncho zotsatira sizidalira mwayi kapena mtima wa woyesa mmodzi.

Palinso kuyesa kwa pantchito. Mphunzitsi amaima pambali wophunzira akuona wodwala weniweni, kenako amakambirana naye zimene zinayenda bwino ndi zimene zikufunika kukonza. Ku Britain kuli mtundu wina wa kuyesa kumeneku umene umatenga maola angapo, ndipo mphunzitsi amaona mmene wophunzira akuyendetsera gawo lonse: mmene akugawira ntchito, mmene akuyankhira akamasokonezedwa, ndi ngati akuzindikira wodwala amene akufooka ali pamzere. Anamwino ndi antchito ena amafunsidwanso maganizo awo mosatchula mayina, chifukwa iwo ndi amene amaona khalidwe la dokotala pamene akuluakulu palibe.

Akatswiri a maphunziro amagwirizana kuti kuyesa kamodzi sikokwanira kuweruzira munthu. Zotsatira zambiri zing'onozing'ono, zochokera kwa anthu osiyanasiyana pa nthawi zosiyanasiyana, zimasonkhanitsidwa, ndipo komiti ndiyo imagamula. Phindu lina la njirayi ndi lakuti wophunzira amene akutsalira amadziwika msanga n'kuthandizidwa, m'malo modzadziwika m'chaka chomaliza.

Kuphunzira pa zidole ndi poyerekezera

Ntchito zina zopulumutsa moyo zimachitika mwa apo ndi apo moti wophunzira angamalize zaka zonse osakumana nazo. Chitsanzo ndi kuboola pakhosi kuti munthu amene watsekeka njira ya mpweya apume. Ntchito yotere siilola kuphunzirira pa wodwala. Ndondomeko zamakono zimafuna kuti ophunzira aziyeserera pa zidole mobwerezabwereza. Chidole choyamba chotchuka chophunzitsira kudzutsa munthu, cha kampani ya Laerdal ya ku Norway, chinatuluka mu 1960. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 David Gaba wa ku Stanford anatengera ku chipatala njira zimene oyendetsa ndege amaphunzirira kugwira ntchito pamodzi zinthu zikavuta.

Chimene chimaphunzitsa kwambiri pa kuyerekezera si kukwera mtengo kwa chidole, koma kukambirana kumene kumachitika pambuyo pake. Chifukwa cha ichi, zipatala zosowa ndalama zimatha kugwiritsa ntchito zidole wamba kapena zopanga okha. Kuyeserera kukachitikira m'chipinda chenicheni cha odwala kumavumbulanso mavuto a chipindacho, monga silinda ya okosijeni yopanda mpweya kapena mankhwala osungidwa kutali.

Kugwirizanitsa ndondomeko ndi malo

Mabuku ambiri a nthambiyi analembedwa m'mayiko kumene odwala ambiri ndi okalamba a matenda a mtima, ndipo kumene makina a CT, magazi opereka kwa odwala ndi makina opumira zimapezeka nthawi iliyonse. M'zipatala zambiri za kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, odwala ambiri ndi ana ndi achinyamata. Amabwera ndi malungo aakulu, chibayo, chifuwa chachikulu, matenda obwera chifukwa cha HIV, kutsekula m'mimba, mavuto a uchembere, kulumidwa ndi njoka, kumwa mankhwala ophera tizilombo, ndi ngozi za pamsewu. Ambiri amafika mochedwa, atayenda mtunda wautali popanda ambulansi.

Kusiyanaku kumakhudza ngakhale chithandizo chenichenicho. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti mwana wodwala kwambiri amene magazi ake sakuyenda bwino athiridwe madzi ambiri a diripi mwachangu. Kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anayesa njira imeneyi pa ana oposa 3,000 otentha thupi. Mwa ana amene analandira madzi mwachangu, pafupifupi 10.5 pa 100 alionse anamwalira pasanathe maola 48, pamene mwa amene sanalandire anamwalira 7.3 pa 100 alionse. Kafukufukuyu sanaphatikize ana otsekula m'mimba, ovulala kapena opsa ndi moto, amene amafunikadi madzi. Zofanana ndi zimenezi zinaoneka pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka. Kumeneko, akuluakulu amene matenda anali atalowa m'magazi, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, anagawidwa m'magulu awiri. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti m'gulu lolandira madzi ochuluka motsata njira ya kunja anamwalira 48 pa 100 alionse, pamene m'gulu lothandizidwa mwa nthawi zonse anamwalira 33 pa 100 alionse. Dokotala wophunzitsidwa ndi buku lakunja lokha akanapereka chithandizo chowonjezera imfa akuganiza kuti akuchita bwino.

Ndondomeko iyeneranso kusintha pamene umboni watsopano wapezeka. Kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, pa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa, anaonetsa kuti jakisoni wa artesunate amapulumutsa ana ambiri odwala malungo aakulu kuposa kwinini. Chaka chomwecho kafukufuku wa CRASH-2 anaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo a tranexamic acid amachepetsa imfa za anthu ovulala amene akutaya magazi, ndipo zinadziwika kuti amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 3. Ndondomeko imene imakhala zaka zambiri osaunikidwa imapitiriza kuphunzitsa zakale.

Kusiyana kwina ndi kwa udindo. Katswiri wa ku London kapena ku Toronto ndi mmodzi mwa akatswiri ambiri m'gawo lake. Mnzake wa mu Africa angakhale yekha m'chipatala chachikulu, kapenanso m'chigawo chonse. Odwala ambiri sadzaonana naye, koma ndi anamwino ndi ma clinical officer a m'zipatala za m'maboma. Choncho ndondomeko za mu Africa zimaika mtima kwambiri pa kuphunzitsa ena, kulemba malangizo a chithandizo, kusonkhanitsa ziwerengero za odwala, ndi kukambirana ndi unduna wa zaumoyo. Bungwe la African Federation for Emergency Medicine linakonza ndondomeko ndi buku la m'manja zoganizira zimenezi, zimene mayiko angasinthe malinga ndi zosowa zawo.

Luso lina lofunika kwambiri ndi kusankha odwala malinga ndi kukula kwa vuto, kumene m'Chingerezi kumatchedwa triage. Dongosolo la ku South Africa limagwiritsa ntchito mitundu: wofiira aonedwe nthawi yomweyo, wa olenji pasanathe mphindi 10, wachikasu pasanathe ola limodzi, ndipo wobiriwira pasanathe maola 4. Mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mogwirizana ndi International Committee of the Red Cross ndi International Federation for Emergency Medicine, linatulutsa maphunziro a masiku 5 a Basic Emergency Care a antchito a zaumoyo amene si akatswiri. Mu 2019 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza chigamulo cholimbikitsa mayiko onse kukhazikitsa dongosolo la chithandizo cha mwadzidzidzi.

Ku Malawi

Malawi ili ndi mbali yake m'mbiri ya nthambiyi, makamaka pa chisamaliro cha ana. Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central mu Blantyre, ana odwala ankadikira pamzere motsatana ndi nthawi imene afikira, ndipo ena ankamwalira asanaonedwe. Mu 2001 gawo la ana linakonzedwanso motsogozedwa ndi Elizabeth Molyneux. Antchito anaphunzitsidwa kuzindikira mwana wofunika thandizo nthawi yomweyo, panakhazikitsidwa chipinda chodzutsira odwala, ndipo madokotala odziwa anayamba kukhala pamalopo. Lipoti la mu 2006 linaonetsa kuti imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8 pa 100 alionse. Ntchito imeneyi inathandiza pa maphunziro a ETAT a WHO, amene amagawa ana m'magulu atatu: ofunika thandizo nthawi yomweyo, ofunika kuonedwa mwachangu, ndi amene angadikire. Maphunzirowa tsopano amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Gawo la akuluakulu lotchedwa Adult Emergency and Trauma Centre linatsegulidwa pa chipatala chomwecho mu 2011. Chipatalachi ndi malo aakulu ophunzitsira a Kamuzu University of Health Sciences, yunivesite imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo ndiyo imapereka madigiri a MMed m'dzikoli. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, zinaonetsa chifukwa chake kukonzekera ngozi zogwera anthu ambiri kumafunika kukhala mbali ya maphunziro a dokotala aliyense wa m'gawoli.

Mmene ndondomeko imakonzedwera

Njira yodziwika kwambiri yokonzera ndondomeko ndi ya masitepe 6 imene David Kern ndi anzake a ku Johns Hopkins anafotokoza mu 1998. Okonza amayamba ndi kuzindikira vuto la zaumoyo limene akufuna kuthetsa. Kenako amafufuza zimene ophunzira awo akusowa. Amalemba zolinga zoti zingathe kuyesedwa, amasankha njira zophunzitsira zogwirizana ndi zolingazo, amayamba kuphunzitsa, ndipo pomaliza amaunika zotsatira n'kubwereranso poyamba. Pa nthambi ya odwala mwadzidzidzi, sitepe yoyamba imadalira mabuku olembamo odwala: ndani akubwera, ndi vuto lanji, nthawi yanji, ndipo ndani akumwalira. Maganizo a omaliza maphunziro amathandizanso, chifukwa iwo amadziwa zimene anakumana nazo pantchito zimene sanaphunzitsidwe.

Mavuto ndi zotsutsana

Vuto lalikulu m'mayiko amene angoyamba kumene ndi kusowa kwa aphunzitsi. Njira yoona luso imafuna katswiri amene ali ndi nthawi yoima pambali pa wophunzira, koma kumene akatswiri ali awiri kapena atatu okha, iwo omwewo ndi amene akuona odwala ndi kuyendetsa gawo. Mayiko ambiri anayamba ndi aphunzitsi obwera kuchokera kunja kapena potumiza ophunzira ku South Africa kwa nthawi. Njira zonse ziwirizi zimathandiza poyambira, koma mlendo wobwera kwa mwezi umodzi sadziwa bwino matenda a m'deralo, ndipo ena mwa otumizidwa kunja sabwerera.

M'mayiko olemera madandaulo ndi ena. Ophunzira ndi aphunzitsi ku Canada ndi ku Britain akhala akunena kuti mafomu oyesera achuluka kwambiri moti amadzazidwa mongokwaniritsa lamulo. Palinso kusagwirizana pa kutalika kwa maphunziro. Mu 2025 bungwe la ACGME linapereka ganizo lakuti maphunziro onse a nthambiyi ku America azitenga zaka 4, ndipo ganizoli linadzetsa mkangano pakati pa madokotala, ena akunena kuti palibe umboni wakuti omaliza zaka 3 ndi operewera.

Nkhani ina ndi ya kutopa. Imfa ya mtsikana wa zaka 18 pa chipatala china ku New York mu 1984, atathandizidwa ndi madokotala ophunzira amene ankagwira ntchito maola ochuluka, inachititsa kuti malamulo a maola ogwirira ntchito aunikidwe. Mu 2003 ACGME inaika malire a maola 80 pa sabata kwa ophunzira a nthambi zonse, ndipo m'gawo la odwala mwadzidzidzi wophunzira sayenera kupitirira maola 12 motsatizana. Ku Ulaya malire ndi maola 48 pa sabata. Kuchepetsa maola kumateteza odwala ndi madokotala, koma kumachepetsanso chiwerengero cha odwala amene wophunzira amaona, ndipo ndondomeko imayenera kubwezeretsa zotayikazo ndi kuyeserera pa zidole ndi kuyang'anira kwabwino.

Kuyesa ngati ndondomeko yatsopano yapinduladi n'kovuta. N'kosavuta kuwerenga amene akhoza mayeso, koma kupulumuka kwa odwala kumadaliranso anamwino, mankhwala, magazi, okosijeni ndi mayendedwe. Chifukwa cha ichi, zipatala zophunzitsa zimasunga kaundula wa ovulala ndi kuchita misonkhano younika imfa zochitika m'gawo, ndipo zimene zimapezeka m'misonkhano imeneyi zimagwiritsidwa ntchito posintha zimene ophunzira a chaka chotsatira adzaphunzitsidwe.